Kuthokoza onse amene munaima nane pa mantha anga a jakisoni

Abale ndi anzanga, ambiri mwa inu mukudziwa kale kuti chaka chino adokotala anandiuza kuti mapiritsi sakuthanso kutsitsa shuga wanga, ndipo ndiyenera kuyamba kudzibaya insulini tsiku ndi tsiku. Mukudziwanso kuti ine, bambo wa ana akuluakulu, kuyambira ndili mnyamata ndakhala ndikukomoka ndikangoona singano kapena magazi. Lero ndikukudziwitsani kuti ndayamba kudzibaya ndekha, m'mawa ndi madzulo. Thupi latopa kwambiri, koma sindikanatha kugona osathokoza.

Ulemerero upite kwa Mulungu amene sanandisiye. Pambuyo pa Iye, ndikuthokoza mayi wina wothandiza anthu pa zamaganizo kuchipatala, amene dzina lawo ndalisunga chifukwa sindinawapemphe chilolezo. Nditawauza vuto langa sanaseke, ndipo sanandiuze kuti ndilimbe mtima ngati mwamuna. Anandifotokozera kuti mantha a singano ndi magazi ndi osiyana ndi mantha a njoka kapena a malo okwera, chifukwa mtima umayamba wathamanga, kenako kuthamanga kwa magazi kumatsika mwadzidzidzi, magazi safika okwanira ku ubongo, ndiye munthu amangogwa. N'chifukwa chake malangizo amene aliyense ankandipatsa, akuti ndizilefula thupi n'kumapuma pang'onopang'ono, sankandithandiza. Iwo anandiphunzitsa kuumitsa minofu ya m'mikono, m'miyendo ndi pachifuwa kwa masekondi 10 mpaka 15, kufikira nkhope itamva kutentha, kenako n'kumasula kwa masekondi 20 mpaka 30, n'kubwerezanso kasanu. Njira imeneyi anaikonza katswiri wa ku Sweden, Lars-Göran Öst, ndi anzake m'zaka za m'ma 1980, ndipo imakweza magazi panthawi yeniyeni imene akufuna kutsika.

Kenako tinakhala pansi n'kulemba zonse zimene zinkandiopsa, kuyambira chaching'ono kukafika chachikulu, ndipo chilichonse ndinkachipatsa nambala pakati pa 0 ndi 100. Kayezedwe ka mantha kameneka, pamodzi ndi nzeru yoyandikira chinthu choopsa pang'onopang'ono, zinachokera kwa dokotala wobadwira ku Johannesburg, Joseph Wolpe, amene anayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1950. Tinayamba ndi chithunzi cha jakisoni papepala, tinapita pa kugwira jakisoni wotsekedwa, kenako kubaya lalanje, kenako kuyang'ana munthu wina akutengedwa magazi atavomera yekha. Lamulo linali limodzi lokha, lakuti ndisathawe mantha ali pamwamba, chifukwa kuthawa kumapatsa mpumulo wa kanthawi koma kumawakulitsa mawa lake. Tsiku la lalanje manja anga ananjenjemera mpaka lalanjelo linagwera pansi pa tebulo. Mayiwo analitola, n'kulipukuta, n'kulibwezera m'manja mwanga, ndipo anangofunsa modekha kuti, "Tili pa zingati tsopano, bambo?" Ndinayankha kuti 90. Anakhala nane chete, panja pali mzere wa odwala, mpaka nambalayo itatsika yokha. Sanandikakamize ngakhale kamodzi, komanso sanandilole kubwerera m'mbuyo, ndipo ndikhulupirira kuti luso lotere si aliyense wovala yunifolomu ali nalo.

Mayi a kunyumba, zikomo chifukwa chokhala nane madzulo aliwonse pamene ndinkachita zimene ndapatsidwa kukayeserera, ndiponso chifukwa chomvera malangizo akuti musamandibisire singano ngakhale mukundimvera chisoni. Ana anga, alamu anga amene ankandiperekeza panjinga yamoto, ndi a mumpingo amene munkandipempherera uku mukundikumbutsa tsiku lobwerera kuchipatala, Ambuye akubwezereni.

Alipo ena amene atamva kuti ndikuonana ndi a zamaganizo anayamba kufalitsa kuti ndatsala pang'ono kupita ku Zomba, ena anati ndi mizimu ya kwathu, ndipo ena amene tinkadya nawo mbale imodzi sanaimbe ngakhale foni, koma nkhani ya kukomoka kwanga ankaikamba mosangalala pa malo ochezera. Sindikuwasungira mangawa, koma ndinawaona.

Mantha sanatheretu, ndipo mayi aja anandichenjeza kuti nthawi zina adzabwerako, makamaka ndikadwala kapena ndikatopa, choncho ndipitirize kuumitsa minofu ndisanabaye ndiponso ndisadumphe tsiku. Shuga wanga wayamba kutsika, ndipo sabata yamawa ndikukapereka magazi oti akayeze, nditakhala pampando osati nditagonekedwa. Ndikupempha inu nonse amene munandipempherera kuti muwaikenso mayi amenewa m'mapemphero anu, pakuti ogwira ntchito ngati yawo ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo anthu owadikira pakhomo ndi ambiri. Mulungu awapatse mphamvu ndi moyo wautali, iwo pamodzi ndi banja lawo.