Jakisoni kapena mpeni: mmene ndinasankhira za nkhope yangayi

Nditakwana zaka 52 ndinatopa ndi funso limodzi lomwe aliyense amandifunsa, loti "mwatopa eti?" chonsecho ndagona bwinobwino usiku wonse. Zikope zakumwamba zinali zitayamba kugwera pamaso, kuwonjezera mizere iwiri ija ya pakati pa nsidze yomwe imakuonetsa ngati wakwiya nthawi zonse. Ine ndimangoti ndikabayitsa Botox, jakisoni wochepetsa makwinya, basi zithe, mpeni ayi, ndimauopa.

Dokotala woyamba amene ndinapitako sanachedwe, anangoti tibaye fila, mankhwala odzaza pophwa, m'masaya lero lomwe, osandifunsa ngakhale mankhwala amene ndimamwa. Ndinatuluka. Wachiwiri ndi amene ananditsegula maso. Anandipatsa galasi nkuti, "Mayi, tatsinyani nkhope." Ndinatsinya, mizere ija inazama. "Tsopano masukani." Inachepa koma zikope zinali pompo. Ndiye anandiuza kuti pankhope pamachitika zinthu zitatu zosiyana ndipo anthufe timaziphatikiza: pali makwinya obwera chifukwa minofu imagwira ntchito, pali malo amene aphwa chifukwa mafuta apansi pa khungu achepa, ndiye pali khungu lomwe langolendewera.

Botox imagwira choyambacho chokha. Imafooketsa kamnofu kuti kasamakoke khungu, imayamba kuoneka pakatha masiku atatu mpaka asanu, imakhazikika pa masabata awiri, koma pakatha miyezi itatu kapena inayi wabwereranso kukabayitsa. Ku America anaivomereza mu 2002 pa mizere ya pakati pa nsidze yomweyi. Fila ya hyaluronic acid ndi yodzaza pophwa, imakhala miyezi 6 mpaka 18, ndipo chomwe chinandisangalatsa nchoti ikalakwika amaisungunula ndi jakisoni wina wa hyaluronidase. Koma si zoseweretsa ayi, ikalowa mumtsempha wa magazi khungu limatha kufa pamalopo, mwa apo ndi apo munthu mpaka kuchita khungu, nchifukwa chake obaya m'makomo aja ine ayi ndithu.

Ndinafunsa za leza ndi ma peel aja osupula khungu. Anapukusa mutu pang'ono, akuti pa khungu lakuda ngati langali kutentha kumatha kusiya mabanga akuda omwe amatenga miyezi kuti azilale, ndiye pamafunika makina oyenera komanso munthu wozolowera khungu lotere. Anandifunsanso ngati ndinatulukapo keloid, zipsera zotupa zija, nkuyang'ana m'makutu momwe ndinaboola. Munalibe.

Za facelift, opareshoni yokoka khungu lolendewera la nkhope, tinakambirana nthawi yaitali ngakhale sindinachite. Amadula mozungulira khutu, nkukoka osati khungu lokha koma ndi kansalu ka pansi pake kotchedwa SMAS, ndipo zotsatira zimatha kukhala zaka ngati khumi, koma ukhale masabata awiri kapena atatu uli wotupa, ndipo vuto lomwe limachitika kawirikawiri ndi magazi kuundana pansi pa khungu. Osuta fodya amawauza asiye milungu ingapo opareshoni isanachitike chifukwa bala silipola bwino. Dokotala mwini anati nsagwada zanga sizinafike pamenepo, ndidikire. Ndinamukhulupirira pomwepo, munthu wokana yekha ndalama.

Zikope zija ndiye panalibe kuchitira mwina, jakisoni sachotsa khungu lotsala. Ndinavomera blepharoplasty, opareshoni yodula khungu lotsala pazikope. Anandipima BP, nkundiuza kuti ndisamwe aspirin kapena ibuprofen masiku angapo opareshoni isanafike, poti ine ndimangomwera mutu basi. Tsikulo sanandigonetse, anangobaya a dzanzi, anajambula ndi peni mumpindo wa chikope, ola limodzi lisanakwane ndinali kunja, mchemwali wanga akundigwira dzanja.

Masiku atatu oyamba eee, ndimaoneka ngati ndamenyedwa. Kugona mutu uli pamapilo awiri, kuika zozizira pamaso, osawerama. Ulusi anachotsa pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, kutupa kunaphwa sabata yachiwiri ngakhale maso amauma kwa kanthawi ndimathira timadontho. Botox ndinabayitsa patapita mwezi, pakati pa nsidze pokha. Masaya ndinawasiya mmene alili, ndipo sunscreen yoteteza khungu ku dzuwa ya SPF 30 yomwe ndinkati ndi ya azungu pano ndimapaka m'mawa uliwonse.