Woyendetsa makina walemba 40 pa HMI, koma PLC yamva chiyani?

Woyendetsa makina akalemba 40 pa HMI, sikirini yomwe amalamulirapo makina, amatanthauza masekondi 40. PLC, kompyuta yomwe imayendetsa makinawo, siidziwa zimenezo. Pa Siemens S7-1200 ndi S7-1500, timer za IEC, zomwe ndi TON, TOF ndi TP, zimasunga nthawi mu mtundu wa TIME, umene ndi nambala ya ma bit 32 yowerenga mamilisekondi. Mukapereka 40 uja mmene alili ku PT, pomwe pamalowa nthawi yoti timer idikire, pampu idikira mamilisekondi 40 okha, nthawi yosakwana kuphethira. Pa ControlLogix ndi CompactLogix nkhani ndi yomweyi, chifukwa .PRE (nthawi yoikidwa) ndi .ACC (nthawi yomwe yadutsa) ndi ma DINT, manambala a ma bit 32, owerenganso mamilisekondi.

Kuchulukitsa ndi 1000 aliyense amakumbukira. Pamene ambiri amapunthwa ndi mtundu wa tag, malo osungira nambala mu PLC, yomwe akuchulukitsirayo. INT, nambala ya ma bit 16, imathera pa 32767, choncho masekondi 32 amadutsa bwinobwino, koma 40 kuchulukitsa ndi 1000 ndi 40000, ndipo mukaipanikiza m'ma bit 16 imasanduka -25536. Vuto lotere limabisala nthawi yoyesa makina, poti woyesa amakonda kulemba 5 kapena 10 kuti asadikire. Limadzatulukira miyezi itapita, wina akawonjezera nthawi. Pa Logix limapweteka kwambiri: .PRE ya minus imabweretsa major fault, Type 4 Code 34, ndipo ngati palibe fault routine yoichotsa, makina onse amaima.

Sinthani kaye kukhala DINT, kenako chulukitsani. Mu SCL, chinenero cholembera mapulogalamu a PLC za Siemens, zimalembedwa chonchi: #nthawi := DINT_TO_TIME(INT_TO_DINT(#masekondi) * 1000); Malire otsika ndi okwera aikidwenso mu PLC momwemo pogwiritsa ntchito LIMIT. Malire a pa HMI okha sakwanira, chifukwa tag yomweyo ikhoza kulembedwa ndi recipe (manambala osungidwa kale) kapena SCADA (kompyuta yoyang'anira makina onse) osadutsa pa sikirini.

Amene akukonza makina akale a S7-300 ndi S7-400 akumana ndi S5TIME, ndipo iyi ndi nyama ina. Ili ndi ma bit 16: manambala atatu a BCD (iliyonse ya 0 mpaka 9 m'ma bit ake anayi) kuyambira 0 mpaka 999, ndi ma bit awiri osankha time base, muyezo womwe timer imawerengera nawo, yomwe ingakhale mamilisekondi 10, mamilisekondi 100, sekondi imodzi kapena masekondi 10. Nthawi yaitali kwambiri ndi masekondi 9990, kapena kuti S5T#2H46M30S. Nthawi ikamatalika, kulondola kumachepa. Mukalemba S5T#12S345MS, time base imakhala mamilisekondi 100, ndipo timer iwerenga masekondi 12.3, enawo atayika mwakachetechete. Musayese kukankhira INT wamba mu S5TIME ndi MOVE. Nambala 40 mu hexadecimal ndi 16#0028, ndipo timer iiwerenga ngati 28 ya time base ya mamilisekondi 10. Nambala ina ikhoza kutulutsa chilembo chapakati pa A ndi F, chomwe mu BCD mulibe, ndipo CPU idandaula.

Mitsubishi ya FX3U ili ndi msampha wake. Time base imadalira nambala ya timer: T0 mpaka T199 amawerenga mamilisekondi 100, T200 mpaka T245 amawerenga 10. K50 pa T0 ndi masekondi 5, pa T200 ndi theka la sekondi. Kukopera rung n'kusintha nambala ya timer kokha kukhoza kufupikitsa nthawi ya star-delta (kuyambitsa mota pang'onopang'ono mu star isanalowe mu delta) kakhumi, mota n'kulowa mu delta isanathamange mokwanira.

Maola omwe mota yagwira ntchito musawerenge ndi timer imodzi. TIME ya Siemens imathera pa T#24d20h31m23s647ms, masiku osakwana 25, ndipo ya CODESYS, yomwe ilibe minus, imafika masiku 49 ndi maola 17. S7-1500 ili ndi LTIME ya ma bit 64 yowerenga ma nanosecond, koma S7-1200 ilibe. Njira yosavuta ndiyo kuwonjezera 1 pa DINT ya retentive, yosafufutika magetsi akazima, sekondi iliyonse pamene mota ikuyenda, pogwiritsa ntchito rising edge ya clock bit ya 1 Hz. DINT yowerenga masekondi imakwana zaka 68. Timer ya TONR kapena RTO imakumbukira nthawi IN, yomwe imaiyatsa, ikazima, inde, koma malire ake ndi omwe aja.

China chomwe chimazunguza anthu mu chinenero cha Structured Text ndi kuika TON mkati mwa IF. Chikhalidwe cha IF chikakhala FALSE, timer siitanidwa, choncho siiona kuti IN yazima ndipo siibwerera pa ziro. Q, yosonyeza kuti nthawi yakwana, ikhoza kutsala ili TRUE, ndipo ulendo wotsatira valavu itseguka osadikira konse. Itanani timer kunja kwa IF pa scan iliyonse, chikhalidwecho muchipereke ku IN. Timer iliyonse ikhale ndi instance yakeyake. FB (function block, gawo la pulogalamu logwiritsidwa ntchito kangapo) yoitanidwa pa mapampu atatu imafuna timer yake mu Static, osati mu Temp kapena mu DB imodzi yogawana.