Malungo osatha aja anali matenda a valavu ya mtima

Mwana wathu watuluka m'chipatala sabata yatha, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale. Wodwala wanu akamatentha thupi kwa milungu, thukuta usiku, kuonda, koma malungo osapezeka, makhololo a TB nawonso osaonetsa kanthu, musangolandira LA wina n'kubwerera. Pemphani amuyeze mtima. Wathuyu ali wamng'ono ankadwaladwala zilonda zapakhosi, zinamuwonongera valavu, kachitseko ka mumtima kamene magazi amadutsira. Mabakiteriya akalowa m'magazi, nthawi zambiri kudzera m'kamwa, amakamatirira pa valavu yowonongekayo. Madokotala amati endocarditis.

Choyamba ndi blood culture, magazi amene amaika m'mabotolo kuti aone kachilombo kamene kamere. Amatenga katatu. Wodwala asamwe amoxicillin magaziwo asanatengedwe. Ife pa kakiliniki kena kolipira anali atamupatsa kale makapisozi, m'mabotolo osamera kanthu.

Koma chimene chikundiwawabe ndi echo, kujambula mtima kuja. Anatilembera kalata yopita ku Blantyre. Tinadzuka m'bandakucha ku Chinamwali, mwana akupuma mobanika m'minibasi, kufika uko akuti kalata ilibe chidindo. Chidindo! Ndinachonderera kuti bambo, taonani mwanayu mmene alili, iwo akuti, “Mayi, ngakhale chikanakhalapo, wojambula lero kulibe.” Thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera inangopsa choncho, mwana n'kufika kunyumba miyendo itatupa. Funsani tsiku lojambula, muone chidindocho ndi maso anu musanatuluke pageti la chipatala chimene chakulemberani kalatayo. Titapitanso m'pamene anaona zomatirira pa valavu zija.

Mankhwala ake si am'thumba ayi. Ndi jakisoni wa mumtsempha, milungu 4 mpaka 6 muli m'wodi, ndiye gadiyani akhale wopirira, ufa ndi makala zikhalepo. Kanula akayamba kutupitsa dzanja uzani anesi asinthe. Akawonjezera jakisoni wina wotchedwa gentamicin, kumbutsani zoyeza impso, ndipo mwana akati m'makutu mukulira nenani msanga. Thupi likazizira pa sabata yachiwiri achibale ayamba zoti tiyeni kunyumba wachira. Musamvere.

Ndabwereza dala: makapisozi ayi magazi asanatengedwe, kaya ndi a pagolosale kaya a pafamase.

Panopa mwanayu wayamba jakisoni wa benzathine penicillin wa mwezi ndi mwezi chifukwa cha valavu ija, ndipo akati akamapita kochotsa dzino aziyamba waonetsa buku lake la chipatala.