Nchima ya ku Soutpansberg ndi ndere ya pamgodi wa mkuwa

Milu ya dothi la m'migodi ya golide yomwe timaiona kuno ku Johannesburg tikamadutsa pa msewu wa M2 timaiyesa malo akufa. Koma ku Cornwall, m'dziko la England, milu ya migodi yakale ya mkuwa ndiyo ikusunga ndere yosowa kwambiri, Ditrichum cornubicum. Anaitulukira katswiri wa zomera Jean Paton mu 1963. Ndi kanthu ka mamilimita ochepa chabe, ndipo kunja kwa Cornwall kamapezekanso ku Allihies, ku Ireland.

Ndereyi imamera padothi lodzaza mkuwa, lomwe zomera zambiri zimalilephera. Vuto limayamba masamba akaolerana pamwamba: dothi limakoma, udzu umalowerera, ndere n'kuphimbika. Choncho oisamalira amapala dothi lapamwambalo mpaka loipa lija lionekere. Imaphukanso kuchokera ku timibulu tokhala ngati timbatata pa timizu take, pakuti ndere za mtunduwu zomwe zimadziwika ndi zazimuna zokhazokha ndipo sizibereka. Mukangotchinga mpanda n'kuchokapo, mwaipha.

Nchima, imene kuno amati samango, imafuna zosiyana kotheratu. Moyo wake ndi wa m'mitengo, chakudya chachikulu ndi zipatso, pomwe nkhalango zachilengedwe za South Africa sizikwana 1 peresenti ya dziko lonse, komanso n'zoduka zidutswazidutswa, monga za m'mapiri a Soutpansberg, Magoebaskloof ndi Hogsback. Pa kaundula wa 2016 wa nyama za m'dziko muno, mtundu wa ku Soutpansberg unaikidwa m'gulu la zimene zili pangozi yoti n'kutha. Zazikazi zimakhalabe m'gulu lomwe zinabadwira, koma zamphongo zikakula zimachoka kukasaka gulu lina. Pamene mitengo yathera zimatsika pansi, kumene kuli galimoto ndi agalu, kapena zimadumphira pamawaya a magetsi. Ofufuza atayesa ku Soutpansberg milatho ya m'mwamba yoti nchima ziziolokerapo msewu, nchima zinakonda ya nsungwi kuposa makwerero a zingwe. Mlathowo uikidwe pamene nchima zimaolokera kale, ndipo mbali zonse ziwiri ufike m'nthambi. Wothera pamtetete siziufuna.

Ndalama zambiri zimapita kwa nchima chifukwa ili ndi nkhope yojambulika, ndipo apa pali kukondera. Ntchito ya ndere ndi yotsika mtengo, kungoti siitha: kupalako kumabwerezedwa udzu ukabwerera, ndipo wopala ayambe wayang'ana ndi galasi lokulitsa, kuopa kuti angaikokolole pamodzi ndi zinyalala.