Makompyuta anayi otsala ndi bolodi la chess

Ine ndi mayi a kunyumba tinali ndi kashopu ka intaneti ku Area 25, mu Lilongwe. Mafoni atachuluka makasitomala anatha, tinatsala ndi makompyuta anayi akungotola fumbi. Amene ankabwerabe anali anyamata awiri osewera chess. Ankalipira ola limodzi kuti Stockfish, pulogalamu yaulere ya chess imene inayamba mu 2008, iwaunikire masewero omwe aluza kumpikisano.

Nzeru inachokera kwa mayiwo: "Bambo, anawa akutuluka ndi manambala okhaokha, bwanji osamawafotokozera?" Tinagula mabolodi atatu, n'kuyamba kulipiritsa pa sewero lililonse lomwe taunika limodzi ndi mwiniwake.

Poyamba nanenso makinawo ndinkawaopa ngati sing'anga. Kompyuta yotchedwa Deep Blue siija inagonjetsa Garry Kasparov, katswiri wa chess wa dziko lonse panthawiyo, mu 1997, ine ndine yani? Chinandichotsa mantha ndi funso la chess limene Roger Penrose, katswiri wa masamu wa ku Oxford, anatulutsa mu 2017. Pa bolodi lakelo zakuda zili ndi kwini, ma rook awiri ndi mabishopu atatu, pomwe zoyera zangotsala ndi mfumu ndi ma pawn ochepa. Kompyuta yathu inkaonetsa kuti zakuda zapambana kalekale. Koma kwini ndi ma rook aja ndi otsekeredwa, alibe potulukira, ndipo mabishopu onse atatu amayenda m'mabokosi akuda okha. Mfumu yoyera ikamangoponda mabokosi oyera palibe woikhudza. Malamulo amati mbali iliyonse ikayenda ka 50 popanda kudyana kapena kusuntha pawn, mukhoza kunena kuti mwalepherana.

Tsiku lomwe ndinaziika pa bolodi, kamtsikana ka Sitandade 7 kanayang'anitsitsa, chala chili pakamwa, kenaka n'kuti, "Ankolo, mabishopu awa sangandigwire." Apo n'kuti fani ya kompyuta ikulira ngati chigayo, nambala yoonetsa kuti zakuda zapambana osasintha.

Loweruka lililonse tsopano timayala mabolodi ovuta otere kompyuta ili yozimitsa. Aliyense amalemba ganizo lake pa pepala, kenaka timayatsa n'kufananiza. Nthawi zambiri Stockfish imatichititsa manyazi, zimenezo sindibisa, makamaka kuchokera mu 2020 pomwe anaiwonjezera NNUE, njira yatsopano younikira sewero. Magetsi akazima phunziro limapitirira panja, pansi pa mtengo wa mango.

Ndalama zake si zogulira galimoto ayi. Lendi timalipira, ndipo mwezi watha tagula bolodi lachinayi ndi wotchi ya chess, yakale koma ikugwira ntchito.