Chizungu cha m'mphuno pa msonkhano wa makolo

Loweruka. Ndalawirira kuchapa madzi asanasiye pampope, kenako ndathamangira ku msonkhano wa makolo kusukulu ya mwana wanga kuno ku Ndirande. Nkhani inali imodzi: ndalama zomwe tinasonkha zomangira zimbudzi za atsikana zinalowera kuti, poti mpaka lero pangokhala dzenje ndi mulu wa njerwa.

Msungichuma wa komiti, bambo wogwira ntchito pa ofesi ina ku Ginnery Corner, anabwera atamanga tayi, kutentha konseku. Moni anapereka m'Chichewa bwinobwino. Funso la ndalama litangofika, basi Chizungu chinayambika, chija cha m'mphuno, mawu ataliatali oti ngakhale ife tinafika Fomu 4 timangogwirapo mchira. Amayi ogulitsa tomato mumsika, anthu owerengera chenji pamtima osaphonya, anangoti zii, maso pansi, ngati olakwa ndi iwo. Zinandiwawa.

Komatu bamboyu sanaziyambe yekha. Kamuzu ankayankhula Chingerezi pamisonkhano, a John Msonthi n'kumamasulira, chonsecho ndi boma lake lomwelo lomwe linakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968. Ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, yomwe inatsegulidwa mu 1981, ana anayamba kuphunzira mpaka Chilatini ndi Chigiriki. Lero lino ukalephera Chingerezi pa MSCE satifiketi sulandira, kaya masamu wakhoza chotani, ndipo aphungu athu ku Nyumba ya Malamulo amakambirana za njala ya kumudzi m'Chingerezi. Ndiye wofuna kutseka anzake pakamwa savutika kusaka chida.

Atatha kuyankhula panali bata. Kenako agogo ena amene amalera zidzukulu anaimirira, n'kukonza chitenje.

"Mwanangu, kuti sukulu munapita patali tamva ndithu. Koma simenti munagula matumba angati?"

Anthu anafa nacho chiseko. Bambo uja anayang'ana mapepala ake, anapukuta thukuta, n'kuyankha m'Chichewa chomveka bwino kuti malisiti awaiwala kunyumba. Kani amachitha!

Aphunzitsi aakulu anaimitsa msonkhano mpaka Loweruka likudzali. Agogo aja ananenetsa kuti malisitiwo adzawerengedwe mokweza pamaso pa tonse, ndipo wowerenga adzakhale mwana wa Sitandade 8.