Kwale wotchipa uja

Lolemba m'mawa ndinapeza makotesheni atatu pa desiki panga. Tikufuna kwale wokonzera msewu wochoka kumgodi kukalumikiza ku tala mvula isanagwe, ndipo chilichonse chogulidwa pamgodi pano, kaya magolovesi kaya dizilo, chimadutsa m'manja mwanga. Awiri mitengo yawo inali yoyandikana. Wachitatu anatsika kwambiri, moti abwana a zachuma atangoona anati, "Apa palibe zokambirana, lembani LPO," kutanthauza kalata yoitanitsira katunduyo.

Ndinapempha masiku awiri. Lachiwiri ndinaitanitsa mapepala a wachitatu uja. TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA, inalipo, satifiketi ya kampani inalipo, koma chiphaso chokumbira miyala anangoti chikubwera.

Lachitatu ndinanyamuka ndi dalaivala kukaona kumene amatenga kwaleyo, osauza mwini wake. Kumeneko kulibe makina ophwanyira miyala ngakhale amodzi. Ndi phiri chabe, thanthwe lake lakuda ndi utsi wa matayala amene amawotcha kuti ling'aluke. Amayi anali atakhala pansi, miyendo ali tambalale, aliyense ndi nyundo yake. Pakati pawo panali ana. Kamnyamata kena, kosafika ndi zaka 12 zomwe, kanatsekera mwala m'kamkombero ka mphira kuti usathawe, n'kumamenya. Diso lake lina linali psuu, likutuluka misozi, tiziduswa ta miyala tili mbuu m'tsitsi. Nthawi inali cha m'ma 10 koloko, anzake ali m'kalasi. Amalipidwa pa wilibala, ndipo matipa amabwera kudzatenga usiku.

Nditafotokoza chimene ndadzera, mayi wina wachikulire anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye bambo, mukakana miyala yathuyi, ana amenewa adya chiyani?" Ndinasowa choyankha, ndipo funso lija ndinagona nalo.

Lachinayi kumsonkhano kunatentha. Ndinawakumbutsa kuti lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, komanso kupatsa ntchito yoopsa aliyense wosafika 18. Ena anati ife sitinalembe mwana aliyense, tikugula kwa kontirakitala. Koma chithunzi cha kamnyamata kaja chikadzafika pa Facebook, ndani adzatchule kontirakitala? Adzatchula mgodi. Makampani amene ali ku Kayelekera, ku Kasiya ndi ku Kangankunde onse ali pamsika wa masheya wa ku Australia, ndipo oika ndalama m'migodi masiku ano amafunsa mpaka kumene kwachokera mwala wa mumsewu. Ndinanena zimenezi chifukwa ndizo zimamveka m'chipinda chija. Mumtima mwanga munali diso lija basi.

Abwana wamkulu anakhala chete, kenako anati tipatse wachiwiri, amene ali ndi chiphaso komanso makina. Bajeti yapweteka ndithu, ndipo a zachuma sanandipatse moni potuluka.

Lachisanu ndinabwerera kuphiri kuja, ulendo uno kudzera kwa amfumu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi amayi aja, n'kukambirana zoti alembetse gulu lawo ngati kopaletivi ndi kufunsira chiphaso cha okumba ang'onoang'ono. Ngalande za m'mbali mwa msewu zidzafuna miyala yambiri yosafuna makina, ndipo imeneyo ndingathe kugula kwa iwo mwachindunji, pamtengo wolembedwa, opanda mwana pamalopo. Magalasi oteteza maso ndalemba kale pa zogula za sabata yamawa. Mayi uja anafunsa ngati mafomu ake ali m'Chichewa. Ndawalonjeza kuti Lolemba ndidzabwera nawo, tidzalembe limodzi.